Mwana wanga wamkazi ndi ma gemu a malupanga, ndimuletse?

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 15 wakondetsa ma gemu aja a malupanga, afiti ndi zinjoka zolavula moto, ndiye tsiku lina atasuzumira pa sikirini anaona mkazi wankhondo atavala kachitsulo kongobisa mabere basi. Akufunsa ngati amuletse.

Amayi, funso lanuli landigunda pachilonda. Ine ndinayambira pa Oblivion, gemu ya 2006 koma kwathu inafika mochedwa pa fulashi, pa kalaputopu ka achimwene anga kaja kotentha ngati mbaula. Poyamba umasankha mtundu wa munthu amene ukhale, ndiye nditaona ma Redguard, anthu akuda ngati ife, ndinati eee akwathu alimo. Chimwemwe chinathera pa manambala. Nzeru za Redguard zimayambira pa 30, za Breton amene ndi mzungu pa 50. Mphamvu zokha ndiye anatipatsa 50, ukasankha mkazi n'kuchotsaponso 10. Tangoganizani, dziko longopeka, muli abuluzi olankhula ndi amphaka oyenda ndi miyendo iwiri, koma wina anakhala pansi mu ofesi n'kuganiza kuti wakuda akhale wa minofu osati wa mutu. Achimwene anangoseka amvekere "ndi gemu chabe iwe." Mawu amenewa amandinyansa mpaka lero.

Ndipo matendawa sanayambire pa kompyuta ayi. Dungeons & Dragons, gemu ya pa tebulo imene ma gemu ambiriwa anatengerako, m'malamulo ake a 1978 inaika malire kuti mphamvu za mkazi zisafike pomwe mwamuna angafike. The Witcher ya 2007 ndiye inanyanya, Geralt, mwamuna amene umamuyendetsa mu gemumo, akagona ndi mkazi iwe wosewera umalandira kakhadi ka chithunzi cha mkaziyo ali pafupifupi mbulanda, anyamata n'kumatolera ngati tizitsekerero ta mabotolo. Nanga za tsitsi ndisayambe n'komwe, masitayelo a tsitsi lachizungu mbwee, ifeyo mwina afro imodzi kapena mpala, zoluka mungazisake mpaka magetsi kuzima.

Koma si tsankho lonse lofanana

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu ofuna kutaya zonse kudzala. Mu Skyrim, gemu ya 2011 yotsatira Oblivion ija, manambala a nzeru aja anawachotsa, koma tsankho lilimo lambiri, kungoti analiika mu nkhani mwadala. Ukangolowa mumzinda wa Windhelm umapeza amuna awiri achi Nord, eni dzikolo, akunyoza mkazi wa mtundu wobwera wa Dunmer, anthu ake anawaunjika kumalo onyansa otchedwa Gray Quarter, ma Argonian, abuluzi olankhula aja, amagona kudoko kunja kwa mpanda. Ine zinandikumbutsa abale athu ku Johannesburg otchedwa makwerekwere, ndipo ndinakwiya, ndipo gemuyo imafuna ndikwiye. Zimenezo ndi bwino mwana aone. Zoopsa ndi zija zobisika m'malamulo ndi m'zovala, zomwe palibe amazitsutsa mu gemumo, mwamuna chitsulo mpaka kuchala, mkazi mimba pamtunda ngati mivi imamuopa.

Komanso kunena zoona, choipitsitsa si zojambulazo koma anthu. Mayi wina dzina lake Anita Sarkeesian anangopanga mavidiyo ofotokoza momwe akazi amajambulidwira m'ma gemu, mu 2014 mpaka anasiya kukalankhula ku Utah State University ku America chifukwa wina anaopseza kuti akawombera anthu. Ineyo ndinayatsapo maikolofoni kamodzi kokha ndikusewera pa intaneti, atangomva mawu a mkazi zinayamba, wina kundifunsira, wina kundituma kukhitchini, ndinazimitsa n'kusintha dzina kukhala lachimuna kwa chaka chathunthu ndipo zimenezi zimandipwetekabe kuti ndinabisala.

Ndiye amayi, musamuletse, mukamuletsa azikangosewera kwa anzake inu osadziwa. Onani kaye nambala ya zaka imene amalemba pa gemuyo, Skyrim ndi The Witcher zonse ndi za 18 ku Ulaya, yachiwiriyo ndiye adikire ndithu. Macheza a mawu ndi anthu osawadziwa azimitse. Kenako kokani mpando Loweruka masana, mumufunse chifukwa chake mkazi uja wapita kunkhondo ndi kachitsulo kamodzi, mumve zomwe ayankhe.