Khungu langa likuchucha timadzi, anthu akundithawa mu minibasi

Adokotala,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili ndi eczema kuyambira ndili mwana, mayi anga ankati ndi chikanga chakumtundu poti iwonso amadwala mphumu. Kale zimangoyabwa mopindikira mikono ndi kuseri kwa mawondo koma kuchokera mu June zafika mpaka m'khosi ndi m'miyendo, usiku sindigona ndimakanda mpaka magazi pa shiti, pano zayamba kuchucha timadzi tomata tikauma tikumasiya nkhanambo zachikasu, zikupweteka komanso ndatuluka mwanabele. Ndimakhula ndi mwala, kusambira madzi a Dettol ndi kudzola kirimu wina wa mumsika, amathandiza masiku awiri kenako zibwerera moposa. Mu minibasi anthu amasendera akaona mikono yanga. Apongozi akuti ndikatemere mphini. Nditani ine?

Wotopa, Lilongwe

Achemwali,

Pepani, kusagona kokhako kumamaliza munthu. Koma choyamba, mawa lomweli pitani kuchipatala, musadikire kuti mwezi uthe kaye. Eczema payokha imayabwa ndi kuumitsa khungu, koma mukaona timadzi tomata, nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, ululu ndi mwanabele ndiye kuti mabakiteriya alowa m'malo mwang'ambika chifukwa chokandamo. Kawirikawiri amakhala Staphylococcus aureus, amene anthu ambiri a eczema amakhala naye pakhungu ali phee, akangopeza khomo basi walowa. Zikafalikira chonchi pamafunika ma antibayotiki akumwa, nthawi zambiri cloxacillin kapena flucloxacillin kanayi pa tsiku musanadye kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo ngati penicillin amakuwengani nenani msanga akupatseni ena monga erythromycin. Mumalize onse olo zilonda ziume tsiku lachitatu. Zija zogula makapisozi anayi pa okala n'kumati ndamwa mankhwala, ayi.

Pa zilonda zochuchazo mwina akupatsani potassium permanganate, timibulu tija timasandutsa madzi kukhala pepo. Musungunule mpaka madzi angokhala pinki wotuwa, akada kwambiri amawotcha khungu, nyikani kansalu koyera muike pachilonda mphindi 10 kapena 15. Siwakumwa, muike patali ndi ana.

Tsono nkhani yaikulu ili apa, ma antibayotiki apha tizilombo koma eczema ikhalapobe, ndipo khungu likapitiriza kukhala mbuu long'ambikang'ambika mubwereranso pamzere womwewo mwezi wamawa. Khungu lanu silisunga chinyezi ngati la anzanu, ndi chibadwa, n'chifukwa chake matendawa amayenda m'banja limodzi ndi mphumu ngati mwanenera za mayi anu. Si uve. Ndiye mwala uja tayani, chinkhupule chomwe, Dettol siyani, sopo wochapira zovala asakhudze thupi, wonunkhiranso ayi, mukamakhula mukungotsegulira tizilombo njira zatsopano. Sambani msangamsanga ndi madzi ofunda pang'ono osati otentha, olo ndikudziwa kuti otenthawo amakoma pamalo poyabwa, mmalo mwa sopo gwiritsani mafuta ofewetsa khungu otchedwa emulsifying ointment, popukuta muzingogunditsa thaulo osakwecha, ndiye khungu lisanaumiretu pakani Vaseline woyera uja wopanda pafyumu thupi lonse. Osati kamodzi, katatu kanayi pa tsiku, makamaka nthawi ya mwera ija June ndi July, kenako mu October thukuta nalo limabwera ndi zake. Musamapise chala m'botolo pamene muli ndi zilonda, tapani ndi supuni yoyera, apo ayi botolo lonse lisanduka khola la mabakiteriya. Komanso chitenje chimene chamwa mafutawa sichichedwa kugwira moto, samalani pa mbaula.

Kirimu wa mumsikayo ndikumukayikira. Ambiri a iwo, makamaka oyeretsa khungu aja, amakhala ndi steroid wamphamvu kwambiri monga clobetasol, amazimitsa kuyabwa msanga inde koma mukapaka pachilonda cha mafinya popanda antibayotiki tizilombo timangosangalala, ndipo mukakhalitsa naye khungu limapyapyala n'kuchita mizere. Izi sizikutanthauza kuti steroid ndi mdani, anthu ena amamuopa mpaka kumavutika zaka chonsecho mankhwala ali mu handibagi. Wakuchipatala, hydrocortisone 1% kumaso ndi m'khosi, betamethasone m'mikono ndi m'miyendo, ndi amene amathetsa kutupa ndi kuyabwa, bola mupake pokhapo pali vuto kwa masiku amene akuuzani. Muyezo wake ngosavuta, mukafinya chubu kuchokera kunsonga ya chala chamkombaphala kufika pa mfundo yoyamba, ameneyo akwana malo aakulu ngati zikhato ziwiri. Mapilitsi a steroid otchedwa prednisolone ogula nokha ayi ndithu, mukasiya zimabuka moposa. Wengani zikhadabo zifupike, gonani ndi zovala za kotoni, juzi yaubweya isagunde khungu, Piriton usiku sachiza eczema koma amakugonetsaniko.

Za mphinizo, apongozi akufuna kuthandiza, musawayankhe mwamwano, koma lezala pakhungu limene lili kale ndi mafinya ndi kuitana mavuto, auzeni kuti achipatala aletsa mpaka zilonda zipole, zikapola nkhaniyo idzazilala yokha.

Pali zizindikiro zina zosadikira kuti kuche. Kutentha thupi ndi kunjenjemera, mwendo kutupa n'kumatentha kutupako kukukwera, kapena timatuza tambirimbiri tofanana tophulika n'kusiya timaenje topweteka kwambiri makamaka kumaso, timeneto ndi kachilombo ka herpes ndipo pamafunika acyclovir mwachangu poti tikafika m'maso ndi ngozi. Komanso pakadutsa masabata angapo mukaona nkhope yatupa, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, thamangani, tizilombo tina ta pazilonda totchedwa Streptococcus timakhudza impso.

Poti muli ku Lilongwe pemphani akutumizeni ku skin clinic ya ku Kamuzu Central, a ku Blantyre kuli ku Queens. Tengani chubu cha kirimu uja akachione. Akafunsenso ngati ena kunyumba akukanda usiku, chifukwa mphere zimatha kubisala pansi pa eczema, ndipo akakupemphani kuyezetsa HIV kapena shuga musakhumudwe, amatero kwa aliyense amene khungu lavuta chonchi.

A mu minibasi asiyeni asendere, eczema sipatsirana. Mafinya okhawo ndi amene angapatsire mwana zilonda, ndiye masiku ano thaulo lanu likhale lanu lokha, muzilichapa pafupipafupi n'kuyanika padzuwa, shitinso chimodzimodzi.