Funsani Tikuyankheni: Chimkuzamawu changa chopalasa ndichiteteze bwanji?

Funso: Ndimakonza mawailesi ndi masipika pamsika wina mu Blantyre. Ndapanga chimkuzamawu chosalira mabatire: munthu amapalasa ngati njinga, dayinamo n'kumapereka moto. Ndikufuna chizithandiza pamaliro ndi pamisonkhano ya kumudzi. Mnzanga akuti ndichijambule ndiike pa Facebook kuti ndipeze ogula, koma ndikuopa kuberedwa nzeru. Kodi patenti ingandithandize?
*Mmisiri wa ku Ndirande*

Yankho: Bambo, kanemayo musaike kaye. Patenti, yomwe ndi chikalata choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chimene mwatulukira popanda chilolezo chanu, imaperekedwa pa chinthu chatsopano, chomwe sichinaonekepo pagulu kulikonse padziko. Mukachionetsa nokha musanakapereke pempho, mukhoza kudzitsekera nokha khomo. Ngakhale wowotcherera amene akukulumikizirani zitsulo, asayine kaye kalata yolonjeza kusunga chinsinsi.

Kalata yanu yandikumbutsa wailesi yopukusa yomwe inali kwa amalume anga. Inali ndi chigwiriro kumbuyo. Ndinkapukusa mpaka dzanja kuwawa, kenaka n'kuika khutu pafupi kuti ndimve kusisima kwa magiya mkatimo, sipuling'i ikumasuka pang'onopang'ono n'kumazungulitsa kajenereta. Nzeru imeneyi inali ya Trevor Baylis wa ku London. Mu 1991 iye anaonera pulogalamu ya pa kanema yonena za Edzi mu Africa, n'kumva kuti uthenga sukufika kumidzi chifukwa mabatire ndi odula. Anatenga patenti, ndipo mawailesiwo anayamba kupangidwa ku Cape Town. Koma patapita zaka, mapangidwe anasintha: m'malo mokunga sipuling'i, kupukusako kunayamba kutchaja batire ya mkati. Baylis, yemwe anamwalira mu 2018, ankadandaula poyera kuti sanapindule mokwanira ndi luso lake.

Nkhani imeneyi imandipweteka mtima, ndipo ndi chifukwa chake ndikukuchenjezani. Patenti siteteza ganizo lonse lakuti "chimkuzamawu chopanda mabatire". Imateteza zokhazo zimene mwalemba m'ndime zofotokoza gawo limene mukuti ndi lanu. Mukalemba mopanikiza kwambiri, wina asintha kachitsulo kamodzi n'kukulambalalani. Mukalemba motambalala kwambiri, akukanirani. Apa mpamene ndalama yolipira loya wodziwa za patenti siipita pachabe.

Ndiye dzifunseni moona mtima kuti chatsopano n'chiti. Dayinamo ndi yakale, sipika ndi yakale, tcheni cha njinga n'chakale. Koma ngati mwapeza njira yakuti mawu a abusa asazilale wopalasayo akatopa kapena akasinthana ndi mnzake, mwina chuma chanu chagona pamenepo. Lowani pa Google Patents kapena Espacenet, n'zaulere, muone zimene ena analembetsa kale. Mungakhumudwe, komabe ndi bwino kukhumudwa musanawononge ndalama.

Za kochitira: yambani ndi ofesi ya boma yolembetsa mapatenti kuno kwathu. Malawi ndi membalanso wa bungwe la ARIPO, lolembetsa mapatenti m'mayiko ena a mu Africa, lomwe likulu lake lili ku Harare, ndipo kudzera m'pangano la 1982 lotchedwa Harare Protocol, pempho limodzi likhoza kufikira mayiko angapo amene mwawasankha, monga Zambia ndi Mozambique. South Africa mulibe m'menemo, ndipo patenti imagwira ntchito m'mayiko okhawo amene mwalembetsa. Ya ARIPO imatha zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, bola muzilipira chaka ndi chaka. Ineyo ndikadakhala inu ndikadafunsanso za chitetezo chaching'ono chotchedwa utility model, cha zaka 10, chomwe chimayenerana ndi luso lowongolera zinthu zomwe zilipo kale.

Musazengereze. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa 14 February 1876, mapepala a Alexander Graham Bell ndi a Elisha Gray okhudza lamya anafika ku ofesi imodzi ku Washington tsiku lomwelo, ndipo patenti inatuluka m'dzina la Bell pa 7 March.

Sabata ino gulani kope lachikuto cholimba. Jambulani chipangizo chilichonse, lembani kukula kwa magiya, moto umene dayinamo ikutulutsa ndi tsiku la kuyesa kulikonse. Kope limeneli ndi limene mudzapite nalo kwa loya. Mukalandira lisiti yosonyeza tsiku limene pempho lanu lalowa, mumuitane mnzanu uja abwere ndi foni yake adzajambule.