Nissan inagwa, inafa kapena yangolowa pansi? Mafunso anu pa Chichewa

Mafunso a ulendo uno ambiri akuzungulira pa Nissan, kampani ya ku Japan ija imene ma Caravan ndi ma Vanette ake akhala akutinyamula ngati maminibasi kwa zaka zambirimbiri. Chimvekereni kuti zinthu sizili bwino kumeneko anthu akhala akulemba zambiri, nde polembapo ndi pomwe mikangano ya Chichewa yabukira.

Bambo wina wa ku Area 25 akuti: ndinalemba kuti "magalimoto za Nissan ndi zolimba" mnzanga nkundiseka, ndalakwitsa pati?

Achimwene mwasakaniza njira ziwiri zomwe payokha iliyonse ndi yabwinobwino. Mutha kunena kuti galimoto imodzi, galimoto ziwiri, osasintha dzinalo, nde pamenepo mudzati galimoto za Nissan ndi zolimba. Kapena muikepo ma- koma mukangotero chiganizo chonse chitsatire, magalimoto a Nissan ndi olimba. Ma- ndi za- sayendera limodzi. Chimodzimodzi kampani izi kapena makampani awa, fakitale zathu kapena mafakitale athu, sankhani imodzi basi.

Mayi wina wa ku Chipata akufunsa: tiziti "Nissan yatseka fakitale" kapena "a Nissan atseka fakitale"? Komanso Datsun ija bambo anga ankayendetsa ndi Nissan yomweyi?

Zonse ziwiri ndi Chichewa amayi, kungoti diso likuyang'ana kosiyana. Mukati Nissan yatseka ndiye kuti m'mutu mwanu muli mawu oti kampani, ya- ameneyo akuchokera pamenepo. Mukati a Nissan atseka mukunena anthu ake, mabwana omwe akhala pansi nkugwirizana, monga mmene timanenera kuti a polisi abwera kapena a boma akana. Ine ndikamalemba za ndalama ndimakonda ya-, Nissan yaluza, chifukwa amene waluza si bwana ayi ndi kampani, koma ikakhala nkhani ya chiganizo chomwe anthu apanga a Nissan imakoma. Chovuta chilipo nchakuti Nissan yanga ndi galimotonso, tsono "Nissan yafa" pa depoti ya minibasi aliyense amva kuti injini yazima panjira, palibe angaganize za ku likulu la kampani ku Yokohama.

Za Datsun eya ndi banja limodzi, ndipo dzina la Datsun ndi lomwe ndi lalikulu pobadwa. Mu 1911 Masujiro Hashimoto anatsegula kampani yaing'ono ku Tokyo ndipo mu 1914 anatulutsa galimoto yotchedwa DAT, zilembo zoyamba za maina a anthu atatu omwe anaikamo ndalama, Den, Aoyama ndi Takeuchi. Mu 1931 kutabwera kagalimoto kakang'ono anakatcha Datson, kutanthauza mwana wa DAT, koma dzinali silinakhalitse poti son m'Chijapani amamveka ngati mawu otanthauza kuluza, nde ndani angagule galimoto ya dzina lamalodza chonchi, anangosintha chilembo chimodzi nkukhala Datsun. Dzina loti Nissan ndi chidule cha Nihon Sangyo, gulu la makampani la Yoshisuke Aikawa lomwe linadzatenga bizinesiyi, ndipo kampani inayamba kutchedwa Nissan Motor mu 1934. Kwa zaka zambiri kampani inali Nissan koma galimoto zambiri zopita kunja zinkalembedwa Datsun, nchifukwa chake bambo anu ankati Datsun 120Y osati Nissan.

Mphunzitsi wina wa ku Zomba: ana anga a fomu 3 alemba kuti "Nissan inagwa mu 1999", ena "inafa", wina mpaka "inatha". Ndichonge ziti?

Aphunzitsi apa ndikhalitsapo chifukwa mawu atatuwa anthu amangowaponya ngati ndi amodzi pomwe ayi.

Kugwa kwa kampani ndi pamene yalephereratu kubweza ngongole, zitseko zatsekedwa, katundu akugulitsidwa kuti angongole apezeko kangachepe. Saab ya ku Sweden ija inagwa mu December 2011, MG Rover ya ku Britain inagwa mu 2005, pamenepo mawuwo akukhala bwino. Nissan mu 1999 sinafike pamenepo. Inali italuza ndalama zaka zambiri za m'ma 1990, chuma cha Japan chitaima, iyo ikupanga mitundu ya galimoto yambirimbiri yomwe yochepa yokha ndi imene inkabweretsa phindu, ikugulanso zipangizo modula kwa makampani achibale omwe sinkafuna kuwakhumudwitsa, ngongole nkufika cha m'ma 2 thiriliyoni yen, ndalama ya ku Japan. Chichewa chake chilipo kale, madzi anafika m'khosi. Kapena mwana alembe kuti inatsala pang'ono kugwa, inali m'madzi, inalowa pansi. Kulowa pansi ndimakukonda chifukwa kumasonyeza chinthu chopita pang'onopang'ono ndipo chikhoza kubwereranso, mesa timati bizinesi yalowa pansi mwini wake akadatsegulabe shopu mmawa uliwonse.

Kufa ndi kutha kusungireni zinthu zomwe kulibenso. Chitsanzo chabwino chili m'nyumba momwemo, dzina la Datsun. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mabwana anaganiza zoti dziko lonse lizidziwa dzina limodzi la Nissan, nde Datsun inachotsedwa pang'onopang'ono mpaka cha mu 1986 inali itatha. Mu 2013 analiukitsa dzinali kuti likhale la galimoto zotchipa za ku India, Indonesia, Russia ndi South Africa, Datsun Go ija, koma malonda sanayende mmene ankaganizira ndipo mu 2022 analithetsanso. Apa mwana akalemba kuti Datsun inafa kawiri mupatseni malikisi onse, ndipo ine ndingamuonjezere ina. Onaninso kusiyana kwa linatha ndi analithetsa, loyambalo likungonena zomwe zinachitika pomwe lachiwirilo likuloza kuti pali wina anachita dala. Pikapu ya Nissan 1400 yomwe ankapanga ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria sinathe yokha chifukwa anthu ankaikondabe, anaithetsa mu 2008.

Tsono wa "inagwa" muuzeni aonjezere "inatsala pang'ono", wa "inafa" ndi wa "inatha" abwereze.

Wina wosatchula kwawo: "idayamba" ndi "inayamba" cholondola nchiti?

Zonse. Nyuzi ndi mabuku ambiri amakonda -da- pa zinthu zakale, pakamwa ambiri timati -na-, ndipo madera amasiyananso. Musasinthesinthe mu nkhani imodzi, ndi zokhazo.

Mnyamata wina yemwe amagulitsa ma sipeya ku Lilongwe: ndimauza makasitomala kuti Renault inagula Nissan, wina wanditsutsa kuti sinagule. Chichewa chake nchiti?

Amene wakutsutsayo walondola aise, ndipo chomwe chikusowa mu chiganizo chako ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri, -ko. Kugula ndi kugulako si chimodzi. Ukati ndadya nsima ndiye kuti mbale yayera, ukati ndadyako ina yatsala. Renault ya ku France mu March 1999 inagulako masheya a Nissan, 36.8 peresenti, kenako inaonjezera kufika cha pa 43, koma Nissan inakhalabe kampani payokha ndi likulu lake ku Japan. Nayonso Nissan inagulako 15 peresenti ya Renault kungoti masheya akewo analibe voti, ndipo apa ndi pomwe panagona chidandaulo cha zaka zambiri chifukwa Nissan itachira inkagulitsa galimoto zambiri kuposa Renault koma mawu aakulu ali ku Paris, komwenso boma la France lili ndi gawo mu Renault. Mu 2023 anagwirizana zolinganiza kuti aliyense akhale ndi mphamvu ya 15 peresenti mwa mnzake. Momwemonso Nissan mu 2016 inagulako 34 peresenti ya Mitsubishi Motors, sinaigule.

Mawu oti masheya asakuvute, alowa kale ndipo pa wailesi amanenedwa tsiku ndi tsiku, olo utati magawo anthu amvabe koma ena ayamba kuganiza za magawo a munda.

Pomwe -ko sakanagwira ntchito ndi pa nkhani ya Honda. Mu December 2024 makampani awiriwa analengeza kuti akukambirana zophatikizana, pofika February 2025 zokambirana zatha, nkhani yake inali yoti Honda inafuna kuti Nissan ikhale pansi pake ndipo a Nissan anakana. Pamenepa mneni wake ndi kuphatikizana, -ana ameneyo akusonyeza kuti onse awiri akulowa mofanana, nde Honda itasintha maganizo sikunalinso kuphatikizana koma kumeza. Polemba usati mgwirizano unatha chifukwa unali usanayambe, uziti zokambirana zinalephereka.

Mayi wina wa ku Johannesburg: munthu wothawa milandu ngati Carlos Ghosn timupatsebe ulemu wa "a"? Ine zikundivuta kulemba "a Ghosn anathawa".

Funso ili landisangalatsa kuposa onse. Poyamba katchulidwe, s ameneyo samveka, pakamwa dzinali limatuluka ngati Goni, koma polemba lisiyeni mmene liliri.

Kwa omwe sakumudziwa, uyu ndi mkulu wobadwira ku Brazil, wokulira ku Lebanon, wophunzira ku France, yemwe Renault inamutumiza ku Nissan mu 1999. Anatseka mafakitale asanu, ntchito 21,000 zinatha, anadula makampani ogulako zipangizo, ndipo pasanathe zaka ziwiri Nissan inayambanso kupanga phindu moti ku Japan anasanduka munthu wotchuka zedi. Nthawi yake ndi yomwe kunatuluka Leaf mu 2010, galimoto yoyendera magetsi okhaokha. Kenako pa 19 November 2018 anamangidwa atangotera pa bwalo la ndege la Haneda ku Tokyo pomuganizira kuti ankabisa kuchuluka kwa malipiro ake komanso kugwiritsa ntchito ndalama za kampani pa zake, iye amakana zonsezi. Ali pa belo kumapeto kwa December 2019 anatuluka m'dzikomo atabisala mu bokosi lalikulu la zida za oimba, pa ndege ya hayala kudzera ku Turkey mpaka ku Beirut.

Tsono za "a". Ulemu wa a- si mphotho ya khalidwe labwino amayi, umatsata msinkhu ndi udindo komanso mmene wolembayo waimira. Pa maliro a munthu yemwe mudzi wonse ukudziwa kuti anali wovuta timatibe a uje atisiya. Nde ngati mu nkhani yanu mwalemba maina a mabwana ena a Nissan kuti a Uchida, a Espinosa, lembaninso a Ghosn, chifukwa mukamuchotsera yekhayo owerenga amva kuti mwamuweruza kale pomwe khoti la ku Japan silinamuzenge mlandu mpaka pano. Ngati mwasankha kulemba maina onse opanda a- ngati mmene ndachitira ine pa Hashimoto ndi Aikawa pamwambapa, mmene amachitira mabuku a mbiri, palibenso vuto bola onse alandire zofanana. Chomwe sindingalole ndi kulemba kuti wakuba uja, mawu ake ndi woganiziridwa.

Pa mneni napo pali kusankha. Kuthawa ndi kwa aliyense, olo mbuzi imathawa. Kuzemba kuli ndi kachinsinsi mkati, kuchoka anthu osaona, ndipo pa nkhani ya bokosi ija ndi komwe kukukwana. Palinso kuzembetsa, ntchito ya omwe anamuthandiza, anthu awiri a ku America bambo ndi mwana wake, omwe anawapeza olakwa ku Tokyo mu 2021 nkuwatsekera. Nde mutha kulemba kuti a Ghosn anazemba, kapena anazembetsedwa mu bokosi, zonse ndi zoona koma yachiwiriyo ikukumbutsa owerenga kuti panali manja a ena.

Wina wa ku Mzuzu yemwe amamasulira nkhani: anthu 20,000 omwe Nissan yanena aja "achotsedwa ntchito" kapena "ntchito yawathera"?

Nkhani yake ndi ya May 2025, pomwe bwana watsopano Ivan Espinosa yemwe analowa m'malo mwa Makoto Uchida mu April analengeza kuti kampani yaluza ma yen opitirira 670 biliyoni m'chaka chimodzi, nde ichepetsa antchito ndi 20,000 komanso mafakitale achoka pa 17 kufika pa 10. Zifukwa zake ndi malonda kulowa pansi ku China komwe makampani a konko ngati BYD alanda msika ndi galimoto zamagetsi zotchipa, komanso ku America komwe anthu ankafuna ma hybrid, galimoto zoyendera mafuta ndi magetsi, Nissan ilibe oti iwagulitse.

Kuchotsedwa ntchito pa Chichewa kumanunkha mlandu, munthu akamva kuti uje wachotsedwa funso loyamba ndi loti walakwa chani. Anthu awa sanalakwe kanthu, ndi kampani yomwe yachepa. Nde ntchito yawathera kapena ntchito ziwathera ndi zomwe zikunena zoona popanda kuwadetsera mbiri. Samalaninso nthawi ya mneni achimwene, chifukwa dongosololi ndi la zaka zingapo, si onse achoka kale, mwachitsanzo fakitale ya Oppama kufupi ndi Yokohama akuti isiya kupanga galimoto pofika March 2028. Tsono lembani kuti anthu 20,000 ntchito iwathera, osati yawathera. Ndipo "asiya ntchito" musayerekeze nkomwe, ameneyo ndi munthu wochoka mwa kufuna kwake.