Musamangenso m'mbali mwa Ruo

Achimwene, pabwinja paja m'mbali mwa Ruo musamangeponso, ngakhale njerwa zili kale pamalopo. Pemphani malo a kumtunda kwa a mfumu.

Ife namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatigwetsera nyumba ya njerwa zootcha, yomwe tinkati ndi yolimba. Madzi anabwera usiku, akugubuduza miyala ndi mitengo kuchokera kuphiri. Tinangotuluka ndi ana ndi bulangeti limodzi basi.

Lembetsaninso dzina ku komiti ya ngozi ya m'mudzi, poti thandizo la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limadzera ku khonsolo ndi makomiti amenewa. Koma kumtundako nako kuli malo ogumuka, makamaka m'tsinde mwa phiri. Musanakumbe maziko, a zomangamanga a ku khonsolo ya Mulanje adzaone kaye dothilo.