Kompyuta ikuzima yokha pakati pa gemu: yankho kwa mnzathu wa ku Mangochi kuno

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa konkuno ku Mangochi. Walemba kuti: "Achimwene, ndinagula kompyuta ya patebulo yogwirapo kale ntchito, n'kuikamo graphics card kuti tizisewera mpira ndi anzanga. Imayamba bwinobwino, koma pakatha ola limodzi kapena awiri zithunzi zimayamba kudukiza, mafani amalira ngati chigayo, kenako imangoti thii. Anzanga akuti ndigule mafani ambiri, wina akuti ndiziika madzi oundana pambali pake. Nditani?"

Achimwene, ndalama yanuyo ikhale kaye m'thumba. Ndipo mnzanu wa madzi oundanayo musamumvere. Mwaonapo botolo lochoka mu fuliji likuchita thukuta kunja? Chinyontho chotere chikafika pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za mkati zimalumikizidwapo, nkhani ikhala ya maliro.

Choyamba yezani, chifukwa kukhudza bokosi ndi dzanja n'kunena kuti "yatentha" sikukuuzani kanthu. Pali mapulogalamu aulere monga HWiNFO ndi HWMonitor omwe amaonetsa kutentha kwa purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi kwa graphics card (khadi lopanga zithunzi za pa sikirini). Tsegulani imodzi, sewerani mphindi 30, kenako onani nambala yapamwamba imene yafikapo. Mapurosesa ambiri a Intel malire awo ali cha pa madigiri 100, ndipo a AMD Ryzen ambiri ali pa 90 kapena 95. Makadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzibweza okha cha pa madigiri 83. Kudukiza kumene mukuonako n'kumeneko: chipangizo chikayandikira malire chimachepetsa liwiro dala kuti chisapse, ndipo zikakanika chimazimitsa zonse. Mukaona 70 kapena 75 posewera, mtima m'malo, palibe vuto. Mukaona purosesa ikukhazikika pa 95, tili ndi ntchito.

Tsopano nkhani imene anthu olemba zamakompyuta ali ku London saiganizira n'komwe. Fani siipanga mphepo yozizira, imangotenga mpweya wa m'chipinda n'kuupititsa pa chitsulo chotentha. Mpweyawo ukakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera pafupifupi ndi 10 omwewo. Nanga ife kuno? Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni. Kompyuta imene inkayenda mwakachetechete mu Juni, mwera ukuwomba kuchokera kummwera, ndi yomweyo ikukomoka lero. Onjezaninso kuti magetsi onse amene imadya amasanduka kutentha. Ngati ikudya mawati 300, ndiye kuti mwayatsa kambaula m'chipindamo, kuwonjezera pa anyamata anayi okuwa chigoli chitseko chili chitsekere. Tsegulani zenera ndi chitseko kuti mphepo izidutsa, ndipo ngati n'kotheka mpikisano wanu uziyamba dzuwa litalowa, malata atazizirako.

Onaninso pamene mwaiika. Ambiri timaikankhira pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kutagunda khoma, pamwamba titayala kansalu koluka ka amayi kuti ioneke bwino. Kansaluko kachoke. Kumbuyo musiye mpata wokwana chikhatho chotambasula, ndipo muichotse pansi. Pansi m'pamene fumbi lonse limathera, makamaka posesa.

Fumbi ndiye mdani wamkulu, ndipo pamenepa ndichedwapo. Chilimwe chino njinga zamoto zikamadutsa mumsewu, fumbi lija silithera pa makatani pokha. Mafani amalikoka tsiku lonse, n'kumalipanikiza pakati pa timizere tachitsulo ta heatsink (chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa kapena pa khadi) mpaka kukhala ngati bulangete. Ndinatsegulapo kompyuta ya mphwanga, ndinapeza ulusi, tsitsi, mapiko a ngumbi ndi nalimata wouma. Fani inkazungulira ndithu, koma mphepo inalibe podutsa.

Poyeretsa, zimitsani, zulani waya kukhoma, dinani batani loyatsira kwa kanthawi, ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze zamkati. Itulutseni pakhonde. Gwiritsani burashi yopentera yatsopano yofewa ndi chopemerera mphepo, monga chija amagwiritsa okonza zamagetsi, ngakhale pampu ya njinga imathandiza. Popemerera, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mwamisala, apo ayi muiwononga. Madzi ayi, nsalu yonyowa ayi. Bokosi la power supply, lija logawa magetsi ku zipangizo zonse za mkati, lipemerereni kunja kokha, musalimasule, chifukwa mkati mwake mumatsalira magetsi ngakhale mutazula waya. Kuno ine ndimachita zimenezi miyezi iwiri iliyonse m'chilimwe, nthawi ya dzinja ndimatalikitsako.

Mwati kompyutayo ndi yogwirapo kale ntchito, choncho ndikukayikira thermal paste. Ndi kaphala kotuwa kamene kamakhala pakati pa purosesa ndi heatsink, kotseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuzidutsa bwino. Pakapita zaka kamauma n'kukhala ngati dothi long'aluka. Pukutani kakaleko ndi isopropyl alcohol (sipiriti woyeretsera zamagetsi), dontheza katsopano kukula ngati nandolo imodzi pakati, bwezerani heatsink n'kumanga masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono. Thermal paste ya Arctic MX-4 ndi yodziwika, koma iliyonse yeniyeni ndi yabwino kuposa youma. Mankhwala otsukira mano musayese, ngakhale mutaziona pa YouTube. Ngati manja akunjenjemera, pitani nayo kwa wokonza ndipo muimirire pomwepo akamachita.

Za mafani tsopano. Chofunika si kuchuluka kwake koma kumene akuloza. Mphepo izilowa kutsogolo, izitulukira kumbuyo ndi pamwamba. Fani imatulutsira mphepo mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota yake, ndipo kapepala kopyapyala kangakuuzeni ngati ikukoka kapena ikukankha. Ndaonapo mafani anayi onse akukankhira mkati, mpweya wotentha uli piringupiringu wopanda khomo. Awiri kutsogolo ndi imodzi kumbuyo n'zokwanira kwa ambiri. Mawaya olendewera amangeni pambali.

Koma ngati yanuyo ndi ija yopyapyala yochokera m'maofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP zazing'onozing'ono, ndinene chilungamo: anaipangira kulemba makalata. Mulibe malo a mafani, ndipo power supply yake ndi yaing'ono, zambiri sizipitirira mawati 250. Apa pali msampha. Ngati manambala a kutentha ali bwino koma ikuzimabe gemu ikafika pothina, mwina vuto si kutentha, ndi power supply imene ikulephera kudyetsa khadi lanulo. Mafani khumi sangachize zimenezo. Kuyesa kwake n'kosavuta: chotsani chitseko cham'mbali, lozetsanimo fani ya m'nyumba, sewerani. Ikasiya kuzima, ndiye kuti ndi mpweya. Ikazimabe, yang'anani ku magetsi. Musaisiye yotsegula mpaka kalekale, mphemvu ndi ana a m'nyumba sachedwa kuipeza.

Chimene ine ndimachikonda kuposa zonse n'chaulere. Masikirini ambiri amene tili nawo ndi a 60Hz, kutanthauza kuti amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi basi. Koma gemu mukaisiya yomasuka, khadi limathamanga kupanga 120 kapena kuposa, zomwe sikirini yanu singazionetse zonse. Ndi thukuta lopanda malipiro. Lowani mu settings ya gemu, ikani malire pa 60 kapena yatsani V-Sync (imafananitsa liwiro la gemu ndi la sikirini), ndipo mithunzi muitsitse kuchoka pa Ultra, mulingo wapamwamba kwambiri. Pampira simudzazindikira n'komwe kusiyana, koma khutu lidzamva mafani akutsika mawu. Amene mumakonda kusewera ndi zinthu, pulogalamu ya MSI Afterburner imalola kutsitsa power limit (malire a magetsi odya) ya khadi kufika cha pa 80 peresenti ndi kulamula mafani kuti aziyamba msanga kuthamanga. Liwiro limatsika pang'ono chabe. Overclocking, kuthamangitsa chipangizo kupitirira liwiro limene anachipangira, kuno ku Mangochi mu Novembala, iwalaniko.

Ena adzakuuzani za water cooling, zoziziritsa purosesa ndi madzi oyenda m'mapaipi. N'zokongola ndi magetsi ake amitundumitundu, koma madziwo amaziziritsidwa ndi mpweya womwewo wa m'chipinda chanu, ndipo pampu yake ikafa simudzaipeza pa msika wa pa Boma. Heatsink yaikulu wamba ndi fani imodzi yabwino zimakhalitsa.

Loweruka lino yeretsani, ikani malire a 60 aja, kenako munditumizire manambala awiri, a purosesa ndi a khadi, musanayeretse ndi mutayeretsa. Mulembenso dzina la kompyutayo ndi mawati olembedwa pa power supply, kuti tione ngati pali choyenera kugula.