Madola onsewo kukagona m'tenti?

Achemwali ena andilembera imelo. Ukwati uli mu Ogasiti, iwo akufuna hanimuni ya masiku atatu pachilumba cha Mumbo pa nyanja ya Malawi, koma akuchimuna akanitsitsa, ati sangataye madola kukagona m'tenti ngati ali pasiwa.

Mawu amenewa amandiwawa, ngakhale ndikumvetsa kumene akuchokera. Kwathu kuno tenti timaidziwira pamaliro, pachinkhoswe, ndi m'misasa ya anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa madzi akasefukira. Koma achemwali, auzeni alamuwo kuti tenti ya malo oterewa imakhala pathandala la matabwa pamwamba pa miyala, yofoleredwa ndi udzu kuti dzuwa lisawotche nsalu, mkati muli bedi lenileni, pakhonde katungwe wa nsalu wogonapo, pansi pake madzi oyera oti nsomba mukuziwerenga. Chimene mukulipira ndi bata. Mumbo ndi chilumba chopanda mudzi, pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo alendo amene amagonapo usiku umodzi ndi ochepa kwambiri. Ufa, nyama, madzi oundana, zonse zimabwera pa boti, zinyalala n'kubwereranso pa boti. Mtengo ungaleke bwanji kukwera?

Vuto lathu tinazolowera kuti kupuma ndi kanyenya, sipika yaikulu ndi TV m'chipinda. Koma Mumbo ili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene anaikhazikitsa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuilemba pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija tokhala m'miyala. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzationa, pomwe ife eni nyanja chambo timachidziwira m'mbale basi. Ngati alamu sangakhale tsiku osaonera mpira, kumeneko asapiteko, adzakuwonongerani hanimuni ndi nkhope yokwinya.

Za mwera

Ogasiti ndi nyengo ya mwera. Nyanja ikakalipa boti limachedwa kapena limakunyowetsani, ndiye zovala ndi foni zikhale m'chikwama chosalowa madzi, sutikesi yolimba isiyeni kumtunda. Musakonze zobwerera tsiku lomwe muli ndi ndege kapena ntchito. Usiku kumazizira, juzi imodzi aliyense.

Magetsi a ESCOM kulibe. Tengani tochi ya pamutu ndi power bank yodzaza. Kusamba ndi kwa ndowa yopachika m'mwamba yokhala ndi kampopi: nyowetsani thupi, tsekani, pakani sopo, tsegulaninso, apo ayi madzi otentha akutherani thovu lili kumutu. Chimbudzi n'chosagwiritsa madzi, musaponyemo mapepala onyowa aja kapena mapadi chifukwa siziola. Zipi ya tenti izikhala yotseka, ndipo musasungemo zakudya, nyerere zimapeza ngakhale kabisiketi kamodzi. Nsapato za mphira ndizofunika, miyala yonyowa imaterera.

Polipira funsani zinthu zitatu: kodi mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena awiri, kodi boti ndi ndalama yolowera m'paki zili momwemo, komanso ngati pali mtengo wa nzika. Zakumwa kawirikawiri zimakhala zapadera. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala akakuyezeni likodzo, popeza mbali ya Cape Maclear liliko. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amapereka molingana ndi sikelo yanu.