Ndinalumbira kupirira pamavuto, kodi chibakera nacho chili momwemo?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana atatu. Tinadalitsa ukwati wathu kutchalitchi mu 2014, chinkhoswe titachita kale kumudzi. Mu 2020 amuna anga ntchito inawathera, ndipo kwa zaka ziwiri banja lonse linkadalira geni yanga ya kaunjika. Sindinadandaulepo, poti ndi zimene ndinalonjeza. Pano anapeza ntchito ina, koma ndalama zitangoyamba kuoneka anapezanso chibwenzi. Ndikafunsa amandimenya, moti mwezi watha anandigulula dzino. Ankhoswe akuchimuna akuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Amalume anga akuti walira mvula walira matope, unalumbira wekha pamaso pa mpingo kuti pamtendere ndi pamavuto mpaka imfa. Ine ndimaopa Mulungu. Kodi ndikachoka ndiye kuti ndaphwanya lumbiro langa?

Wosweka mtima, Ndirande

Mwana wanga,

Takumbukira bwino tsiku lija. Kutsogolo kwa mpingo unaimako wekha? Si munali awiri, ndipo mawu amene unanena iwe amuna akonso anawanena, mwinanso ndiwo anayamba? Nanga bwanji lero lumbiro akukumbutsidwa ndiwe wekha? Chimenechi chimandiwawa kwambiri pa nkhani za mabanja athu. Akalakwa bambo, anthu amathamangira kukawerengera mayi malonjezo.

Pamene munkati pamtendere ndi pamavuto, mu umphawi ndi m'chuma, pamatenda ndi pamoyo wabwino, munkanena za zinthu zogwera banja: ntchito kutha, chimanga kupserera m'munda, mmodzi kugona m'chipatala miyezi, mwana kumwalira, mphatso ya ana kuchedwa. Zotere sasankha, zimangofika, ndipo munalonjezana kuti zikadzafika palibe adzathawe mnzake. Iwe mbali imeneyi unaisunga. Zaka ziwiri zodzuka m'bandakucha kukatsegula belo kuti bambo wosagwira ntchito adye, asambe, atuluke m'nyumba ngati munthu, lumbiro lake ndi limenelo. Koma chibakera sichigwa ngati matalala. Munthu amachita kukunga dzanja. Chibwenzinso sichigwira munthu ngati malungo. Amuna ako analonjeza kukukonda, kukusamala ndi kusiya ena onse, ndiye pa zitatuzi tandiuza chimene chatsala.

Ngakhale kumudzi sankaphunzitsa zimene akukuuzazo. Pachinkhoswe paja ankhoswe anasinthana nkhuku, iwe unalandira lichero, mthiko ndi chipande, amuna ako nkhwangwa ndi khasu. Aliyense anapatsidwa ntchito yake, ndipo sindinaonepo pachinkhoswe mkamwini akupatsidwa chikoti. Unkhoswenso si kudya chiwindi cha nkhuku basi. Nkhoswe ndi mboni, ndipo mboni ikaona pangano likuphwanyidwa imadzudzula wophwanyayo. Amalume ako, ndi ulemu wonse, apepukitsa udindo wawo. Dzino la mwana wa mlongo wawo lagululidwa, iwo akuyankha ndi mwambi.

Poti umaopa Mulungu, tsegula Aefeso 5. Anthu amakonda kuwerenga vesi 22, ya akazi kumvera amuna awo, n'kutseka buku. Tsikira pa vesi 25 ndi 28, pamene mwamuna akulamulidwa kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo, ndiponso monga thupi lake lomwe. Ndani amadzigulula yekha dzino?

Zothetsa banja sindikuuza, nkhani imeneyo mwini wake ndiwe. Ndaonapo amuna atagwada n'kusinthadi, ndaonaponso maliro a amayi amene ankauzidwa kuti banja ndi kupirira. Mawu oti mpaka imfa itatilekanitse sakunena imfa yochokera m'manja mwa mnzako wogona naye mphasa imodzi. Kuchoka m'nyumba kuti upulumutse moyo wako ndi wa ana si kuphwanya lumbiro, ndipo ngakhale mipingo imene silola kusudzulana, monga Katolika, imalola anthu kupatukana kaye ngati mmodzi moyo wake uli pachiswe.

Tsono chita izi. Pita kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ukafotokoze zonse, ndipo ukapitenso kuchipatala kuti za dzinolo zilembedwe, ngakhale papita mwezi. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso choti bambowo asakugwirenso kapena kukuopseza. Kupita ku Victim Support Unit sikuti wamangitsa bambo a ana ako, kumenekonso amayamba ndi kumva mbali zonse. Uli kuchipatala komweko ukayezetse magazi, poti pamene palowa chibwenzi sitichita manyazi ndi nkhani ya HIV. Ndalama za geni yako uzisunga pamene ukudziwa wekha.

Ukatero uitanitse bwalo la ankhoswe a mbali zonse, koma pakhalenso abusa kapena mkulu wa mpingo amene umamukhulupirira, ndi mayi mmodzi wachikulire wa kwanu wosaopa kulankhula. Nkhaniyi isakakambidwe m'nyumba mwanu usiku, ikakambidwe masana pamalo ena. Pabwalopo upemphe chinthu chimodzi: abusa awerengenso malonjezo aja mzere ndi mzere, ndipo amuna ako ayankhe pamaso pa onse ngati akadali nawo. Akavomera, anene chimene achite ndi chibwenzicho komanso tsiku lake, ankhoswe akumva. Akakwiya n'kutuluka, kapena akakuopseza pobwerera, usiku umenewo iwe ndi ana mukagone kwa abale.

Undilemberenso bwalolo likatha.

Azakhali